Kalata ya umboni ya atachimenti: ndipemphe a dzina lalikulu kapena amene anandiona ndikugwira ntchito?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa kuno ku Mangochi amene ali chaka chachitatu ku koleji, komwe akuphunzira za nsomba ndi ulimi wa m'maiwe. Wandilola kuti ndimuyankhe pano, malinga ndisatchule dzina lake kapena la koleji yake. Funso lake, ndikalifupikitsa, likuti:

"Bungwe lina limene limagwira ntchito ndi asodzi ku nyanja ya Malombe likufuna ophunzira a atachimenti kwa miyezi itatu, ndipo akuti aliyense abweretse makalata awiri a anthu omuchitira umboni. Ine ndili ndi anthu anayi m'maganizo. Pali pulofesa, mkulu wa dipatimenti yathu, amene anatiphunzitsa chaka choyamba. Phunziro lawo ndinakhoza bwino kwambiri koma sindinayankhulepo nawo. Pali aphunzitsi achinyamata amene ankatiyang'anira ku maiwe. Amandidziwa bwino, koma anandipatsa giredi yapakatikati ndipo tsiku lina anandikalipira chifukwa chochedwa. Pali amayi ena otsogolera gulu loumitsa usipa ku Msaka, kumene ndinkalemba mabuku a gulu pa holide, koma alibe pepala la ofesi ngakhale chidindo. Pomaliza pali anzawo a amalume, bwana wamkulu pa boma pano, amene akuti andilembera chifukwa dzina lawo aliyense amalidziwa. Amalume akuti ndisataye nthawi, nditenge ya pulofesa ndi ya bwanayo. Nditani?"

Achemwali, pemphani aphunzitsi a ku maiwe aja ndi amayi a ku Msaka. Pulofesa ali ndi ntchito yawo pa nkhaniyi, bwana uja nayenso ali ndi yake, ndipo ndifika pamenepo, koma makalata awiriwa achokere kwa anthu amene anakuonani ndi maso awo mukugwira ntchito.

Ndikudziwa kuti amalume yankho limeneli siliwasangalatsa, ndipo sindikuwaweruza. Iwo akukufunirani zabwino, ndipo pa moyo wawo aona anthu ambiri akulowa ntchito chifukwa munthu wamkulu wawanenera. Kungoti iwo akuganiza za amene asayine kalatayo, pamene inu muyenera kuyamba mwaganiza za amene akaiwerenge.

Kuntchito kwanga ndimakhala nawo pa gulu losankha ophunzira a atachimenti, choncho ndikuuzeni mmene zimakhalira. Makalata amenewa kawirikawiri sawerengedwa ndi mkulu wa bungwe. Amawerenga ndi munthu amene adzakhale nanu tsiku ndi tsiku, amene adzakubelekeni pa njinga yamoto kupita nanu kumadoko, amene adzafunsidwe ndi mabwana ake mukadzalakwitsa. Munthu ameneyu ali ndi ntchito yake kale yomukwanira, ndipo wophunzira wa atachimenti amatha kumupepuza kapena kumuonjezera mtolo. Akamawerenga kalata amakhala ndi mafunso ochepa kwambiri m'mutu. Kodi mwana ameneyu ndikamuuza kuti tikumane pa doko m'bandakucha, ndikamupeza? Ndikamusiya yekha ndi fomu, alemba zimene waona? Akalakwitsa n'kumudzudzula, akwiya sabata yonse kapena asintha? Asodzi ndi amayi ogula nsomba adzamulandira, kapena adzamuona ngati mwana wa ku koleji wobwera kudzawaphunzitsa nyanja yawo yomwe?

Taganizani ntchito imene mukufunayo mmene ilili. Maboti akukocheza dzuwa lisanatuluke, anthu athamangira m'madzi ndi mabeseni, mitengo ikukambidwa mokuwa, ndipo inu muli pakati pawo ndi fomu, sikelo ndi bolodi loyezera kutalika kwa nsomba. Muyenera kufunsa mwini boti kuti wagwiritsa khoka lanji, anapita dera liti, wapha ndowa zingati, ndipo muyenera kumufunsa iye ali wotopa, wachezera pamadzi, ndipo akukayikira ngati simunatumidwe kuti mudzamulande khoka. Boti lina lidzakupitani musanaliwerenge. Pamenepo pali njira ziwiri: kulemba kuti boti limeneli sindinaliwerenge, kapena kungoikapo nambala yooneka ngati yoona. Palibe amene angakugwireni tsiku limenelo.

Nkhani imeneyi ku Malombe si yamasewera. Chambo cha m'nyanja imeneyi chinatsika kwambiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo n'chifukwa chake mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito limodzi ndi asodzi eniake kudzera m'makomiti a m'madoko, aja timangoti ma BVC. Lamulo la zausodzi la 1997 linabwera kudzalimbikitsa zomwezo. Zokambirana zonse za maso a khoka, za nyengo yotseka nyanja, za ngati nsomba zikubwerera kapena ayi, zimatsamira pa manambala olembedwa pa doko ndi anthu ngati inu. Ndiye wowerenga kalata uja akufuna munthu mmodzi yekha amene angamuuze kuti, "Mwana uyu ndinamusiyapo yekha ndi ntchito, ndipo zimene analemba zinali zoona."

Kodi pulofesa anganene zimenezo? Sanganene, osati chifukwa chouma mtima, koma chifukwa sanaone. Kalasi ya chaka choyamba imadzaza holo, ndipo padutsa zaka ziwiri. Chimene akudziwa za inu ndi giredi, ndipo girediyo ili kale pa chikalata cha magiredi chimene mutumize limodzi ndi CV yanu. Mukawapempha, ambiri mwa iwo sakana. Amatsegula kompyuta, n'kupeza kalata imene analembera wophunzira wina chaka chatha, n'kusintha dzina. Makalata otere ndawaona ambiri. Amayamba ndi "To whom it may concern", kenako amati wophunzirayu ndi wakhama, wakhalidwe labwino, wogwira ntchito bwino ndi anzake, ndipo bungwe lililonse lidzapindula naye. Chidindo chili pomwepo, siginecha yayikulu, pepala lokongola. Mukaika makalata asanu otere patebulo, simungasiyanitse kuti iyi ikunena za ndani. Nthawi zina mumapeza kuti mkatikati mwa kalata ya mtsikana mwatsalira mawu onena za mnyamata, chifukwa wosinthayo anafulumira.

Tsono yerekezani kuti mwawerenga kalata yonena kuti: wophunzirayu anali m'gulu loyang'anira maiwe awiri kwa semesita yonse, masabata oyamba ankachedwa pa nthawi yodyetsa nsomba m'mawa ndipo ndinamudzudzula, kuyambira pamenepo sanachedwenso, ndipo ndi iye amene anazindikira kuti nsomba za dziwe lina zikuyandama pamwamba m'mamawa chifukwa mpweya m'madzi wachepa, n'kubwera kudzandiuza asanadye n'kadzutsa yemwe. Kalata yotero ilibe mawu aakulu, koma wowerenga amamuona mwanayo. Amadziwa kuti wolembayo sakupeka, pakuti munthu wopeka satchula kuchedwa.

Palinso foni. Ambiri amaiwala kuti kalata imakhala ndi nambala pansi pake, ndipo mabungwe ena amaimbadi. Munthu akaimbiridwa n'kuyankha kuti, "Mwati ndani? Tandikumbutsani, wa chaka chiti ameneyo?" kalata yonse ija yagwa, ndipo wosankhayo amayamba kukayikira ngakhale zinthu zina zoona zimene mwalemba pa CV. Koma akaimbira munthu amene atangomva dzina lanu akuseka n'kunena kuti, "Ameneyo mumutenge, koma mumuuze nthawi momveka bwino tsiku loyamba," mwapambana kale anzanu ambiri.

Ndiye za kukalipiridwa kuja musaope kwambiri. Mphunzitsi amene anakukalipirani chifukwa chochedwa ndi mphunzitsi amene ankayang'ana kuti wafika ndani, sanafike ndani. Chofunika n'chimene chinachitika pambuyo pake, ndipo ichi mukuchidziwa ndi inu. Ngati munasintha, nkhani imeneyo ndi chuma chanu. Ngati munapitiriza kuchedwa mpaka semesita kutha, dziuzeni zoona nokha ndipo ganizirani munthu wina, mwina tekinishani wa ku labu kapena wa ku maiwe amene munkagwira naye ntchito, kapena mphunzitsi amene akuyang'anira pulojekiti yanu. Giredi yapakatikati nayonso isakudetseni nkhawa. Bungweli silikusankha munthu wopita ku maphunziro a digiri yachiwiri, aja a masitazi. Likusankha munthu woima pa doko.

Kuti aphunzitsiwo ndi achinyamata, alibe udokotala kapena upulofesa, sizichotsa kanthu. Ndi ogwira ntchito pa koleji, alemba pa pepala la koleji, ndipo zakwana.

Pulofesa aja ntchito yawo ndi iyi. Pafupifupi malo onse olandira ophunzira amafuna kalata yochokera ku koleji yotsimikiza kuti ndinudi wophunzira wawo, muli chaka chakuti, mukuchita maphunziro akuti, ndipo atachimenti ndi mbali ya maphunzirowo kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti. Imeneyi imasayinidwa ndi mkulu wa dipatimenti kapena woyang'anira za atachimenti, ndipo safunika kukudziwani kuti aisayine. Katengeni imeneyo, muiphatikize. Dzina lalikulu limene amalume akulifuna likhalapo ndithu pa mapepala anu, pamalo pake poyenera. Komanso werengani chilengezo cha bungwelo bwinobwino. Ngati alemba mwachindunji kuti kalata imodzi ichokere kwa mkulu wa dipatimenti, musatsutsane nazo. Zikatero pemphani aphunzitsi a ku maiwe aja kuti akakambirane ndi pulofesa, kapena alembe iwo ndipo pulofesa asayinire nawo pansi. Zimenezi zimachitika m'makoleji, ndipo palibe chachilendo.

Tsopano amayi a ku Msaka, amene ndikuona kuti inu mukuwakayikira kwambiri pamene ine ndikuwaona kuti mwina ndiwo mboni yanu yamphamvu kuposa onse.

Taonani zimene amayiwa akudziwa. Anakupatsani buku la gulu. M'buku limenelo mumalowa ndalama za anthu: wagula usipa wa zingati, wayanika pa thandala liti, wagulitsa zingati kwa ogula ochokera ku Limbe kapena ku Lilongwe, wabwereka zingati, wabweza liti. Amayi ochita geni sapereka buku lotero kwa mwana amene sakumukhulupirira, ndipo akapeza kuti manambala sakugwirizana salekerera. Ngati munalemba bukulo holide yonse popanda mkangano, ndiye kuti funso lija lakuti "alemba zoona akakhala yekha?" layankhidwa kale. Amayiwa anaonanso mmene mumayankhulira ndi akuluakulu, ngati mumanyansidwa ndi fungo la nsomba, ngati mumapirira dzuwa la kunyanja, ngati mumatha kukhala pansi pa mchenga n'kudya nawo. Pulofesa aliyense m'dziko muno sangachitire umboni zimenezi. Ndipo bungwe logwira ntchito ndi asodzi likamva kuti amayi a pa doko akukuyamikirani, limadziwa kuti silidzavutika kukulowetsani m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, kwa Chimwala kapena kwa Chowe.

Pepala la ofesi ndi chidindo zisakusowetseni tulo. Chimene chimapatsa kalata mphamvu ndi chakuti wolembayo akudziwika ndipo angapezeke. Pakhale dzina lawo lonse, udindo wawo m'gulumo, dzina la gulu ndi kumene lili, miyezi imene munagwira nawo ntchito, ntchito yeniyeni imene munkachita, tsiku lolembera, siginecha ndi nambala ya foni imene imagwira. Ngati gululo limadziwika kwa mlangizi wa zansomba wa deralo kapena kwa a BVC, mmodzi wa iwo akhoza kulemba mzere umodzi pansi wotsimikiza kuti gululi liliko ndipo amayiwa ndi mtsogoleri wake. Zimenezo zimaposa chidindo.

Nanga chilankhulo? Imbani ku bungweko mufunse ngati angalandire kalata ya m'Chichewa. Anthu ogwira ntchito ndi asodzi a ku Malombe amayankhula Chichewa ndi Chiyao tsiku lonse, ndipo ndingadabwe atakana. Akanena kuti mafayilo awo amafuna Chingerezi, amayiwo alembe kapena anene mawu awo m'Chichewa, wina amene si inu awamasulire, kaya mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi kaya mlangizi uja, ndipo mutumize zonse ziwiri, yoyambayo ndi yomasulirayo. Musawalembere Chingerezi chapamwamba chimene iwo sangachizindikire akaimbiridwa foni. Mawu awo enieni, ngakhale akhale ochepa, ndiwo akufunika. Ndipo ngati mumayankhula Chiyao, wina mwa awiriwa atchule zimenezo, chifukwa ku Malombe ndi chinthu chachikulu kwambiri.

Chinthu chimodzi chokha ndifunse: amayiwa si achibale anu? Ngati ndi azakhali kapena amayi aang'ono, ndiye kuti zasintha. Umboni wa wachibale suwerengedwa, ngakhale ukhale woona, ndipo kuno anthu amadziwana, zidzamveka. Zikakhala choncho pemphani msungichuma kapena mlembi wa gululo amene si wa kubanja kwanu.

Za bwana wa pa boma uja ndinena mosabisa, chifukwa ndi pamene ana ambiri amapwetekera. Munthu ameneyu sanakuonenipo mukugwira ntchito iliyonse. Chimene angalembe n'chakuti mumachokera ku banja labwino ndipo amalume anu amawadziwa kwa zaka zambiri. Gulu losankha likaona kalata yotero limadziwa kuti si umboni koma ndi pempho lochokera kumwamba, ndipo anthu amalandira zimenezi mosiyanasiyana. Ena amachita mantha n'kukutengani. Ena zimawanyansa n'kuika mapepala anu pansi. Simungadziwiretu kuti mugwera m'manja mwa ati. Ndipo ngakhale akutengeni, mumalowa ndi dzina loti "mwana wa a bwana uja". Wokuyang'anirani amaopa kukudzudzulani, amakupatsani tintchito ta mu ofesi tosavuta, anzanu amapita kumadoko inu mukufotokopa mapepala. Miyezi itatu imatha musanaphunzire kanthu, ndipo pamapeto pake mulibe munthu amene angadzakulembereni kalata yeniyeni mukamadzafuna ntchito. Atachimenti phindu lake lalikulu ndi limenelo, kuti mutulukeko ndi mboni yatsopano. Musaigulitse musanayambe n'komwe.

Ena amafunsanso za kalata ya a shehe, abusa kapena ansembe. Malo ena a mishoni amaipempha, ndipo akaipempha katengeni. Koma ngati sanaitchule, isalowe m'malo mwa kalata ya munthu amene anakuyang'anirani pa ntchito kapena pa maphunziro, pokhapokha ngati munagwiradi ntchito pansi pawo, monga kuphunzitsa ana ku madrasa kapena kusunga ndalama za gulu la achinyamata.

Mwasankha anthu. Kapemphedwe kake nakonso kali ndi njira.

Yambani msanga, masabata atatu kapena anayi tsiku lomaliza lisanafike, ndipo ngati ili nyengo yochonga mayeso onjezerani. Kwa aphunzitsi, pitani ku ofesi kwawo nthawi ya ntchito ngati muli pa koleji. Ngati muli kuno kumudzi, lembani imelo yaulemu, yokhala ndi dzina lanu lonse, chaka ndi phunziro limene anakuphunzitsani. Uthenga wa pa WhatsApp wa usiku wongoti "Bwana ndikufuna rekomendeshoni mawa" umakupatsani kalata yofanana ndi uthengawo. Kwa amayi a ku Msaka, kwerani galimoto mupite. Mukakhale nawo pansi, muwalonjere bwinobwino, mufunse za geni, kenako mufotokoze chimene mwadzera. Ulendowo udya ndalama ya thiransipoti, koma nkhani yotere pa foni imaoneka yopepuka.

Ndipo funso lake lisakhale lakuti "Mungandilembere kalata?" Pa chikhalidwe chathu munthu wamkulu savomera msanga kuti sangathe, amangoti chabwino, kenako n'kulemba mizere itatu yozizira kapena kumangokuzengerezani. Funsani motere: "Aphunzitsi, ndikufunsira atachimenti ku bungwe logwira ntchito ndi asodzi ku Malombe. Kodi mukuona kuti ntchito yanga munaiona mokwanira moti mungandichitire umboni wabwino? Ngati mukuona kuti pali wina amene angathe bwino, ndithokoza mutandiuza." Mwawatsegulira njira yokanira popanda manyazi. Akayankha mwamsanga kuti inde, n'kuyamba kukumbukira okha zimene munkachita, mwapeza munthu. Akayamba kuti "Aaa, tiona, mwina mufunsenso ena," thokozani ndipo musakakamize. Kalata yolembedwa monyinyirika imavulaza kuposa kusakhala nayo, ndipo inu simudzaiona ngati atumiza okha.

Akavomera, musawasiye kuti afufuze okha. Apatseni chilengezo cha bungwelo, CV yanu, chikalata cha magiredi, tsiku lomaliza, dzina la udindo wa amene kalatayo ikupita kwa iye, ndi njira yotumizira, kaya ndi imelo yochokera kwa iwo mwachindunji, kaya ndi envelopu yomata imene mukapereke nokha. Onjezeranipo kapepala kamodzi kowakumbutsa zimene munachita pansi pawo: semesita iti, maiwe ati, gulu liti, lipoti lanu linali la chiyani, vuto limene munakumana nalo ndi mmene munalithetsera. Uku si kudzitama. Mphunzitsi amaona ophunzira ambiri chaka chilichonse, ndipo kapepala kameneka ndi kamene kamasandutsa kalata wamba kukhala kalata yonena za inu. Muwauzenso chifukwa chimene mukufunira malo amenewa makamaka, kuti makalata awiriwo asanene chinthu chimodzi: aphunzitsi anene za luso ndi kaphunziridwe kanu, amayi anene za kukhulupirika ndi kakhalidwe kanu pakati pa anthu.

Mwina aphunzitsi adzakuuzani kuti, "Lembani nokha, ine ndidzangosayina." Zimachitika kwambiri, ndipo nthawi zambiri n'chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Ine sindizikonda, pakuti umboni ndi wa mboni. Kalata yodzilembera imazindikirika: Chingerezi chake chimafanana ndi cha kalata yanu yofunsira malo, ndipo mwana akamadzilembera amadzitamanda mopitirira kapena amadzichepetsa mopitirira. Yankhani mwaulemu kuti mubweretsa mfundo zonse pa pepala, zochitika ndi masiku ake, kuti iwo angoziika m'mawu awo ndi kuonjezera maganizo awo. Ambiri amavomera, chifukwa chimene chimawalemera ndi kukumbukira, osati kulemba. Akaumirirabe, lembani zoona zokhazokha zimene iwo anaziona, musaikemo mawu otamanda, ndipo apempheni awerenge, asinthe, ndi kulemba okha ndime yomaliza yonena ngati akukuvomerezani.

Pali china chimene sindingachisiye, poti ndinu mtsikana ndipo mukupempha thandizo kwa anthu amene ali ndi mphamvu pa inu. Kalata ya umboni sigulidwa, kaya ndi ndalama kaya ndi china chilichonse. Munthu akati mukatengere kalatayo kunyumba kwake madzulo, kapena mukumane ku loji, kapena ayamba mauthenga osakhudza kalata, musapite ndipo musadziimbe mlandu. Sungani mauthengawo, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo dziwani kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere. M'makoleji muli ofesi yoona za ophunzira kumene mungakadandaule. Kalata mukaipeza kwa wina. Sindikunena kuti anthu anu anayiwa ali ndi maganizo amenewo, koma atsikana ambiri amawerenga pano, ndipo ena akumana nazo.

Kukumbutsa ndi udindo wanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patatsala sabata imodzi, tumizani uthenga waufupi waulemu wotchula tsiku lomaliza. Patatsala masiku awiri, imbani. Dziikireni nokha tsiku lomaliza la msanga kuposa lenilenilo, chifukwa magetsi amathima, netiweki imavuta, ndipo munthu amatha kuitanidwa ku maliro kapena ku msonkhano mwadzidzidzi. Kalata ya amayi ija mukaitenga, ijambuleni bwino pa malo owala kapena kaisikaneni pa boma, isakhale chithunzi chopendekeka chokhala ndi mthunzi wa dzanja. Ndipo auzeni onse awiri sabata imene angaimbiridwe, kuti nambala yachilendo ikalowa asaidule. Zotsatira zikatuluka, zabwino kapena zoipa, abwezereni mawu. Anthu amene anakulemberani amafuna kudziwa, ndipo mudzawafunanso.

Anzanu ena amene akuwerenga ali m'maphunziro ena, koma nkhani ndi yomweyi. Wa zokopa alendo amene akufuna malo ku Nkopola, ku Makokola kapena m'maloji a ku Cape Maclear apemphe amene anamuona akulandira alendo kapena akugwira ntchito kukhitchini. Wa zaumoyo amene akuyang'ana ku chipatala cha boma kapena ku Malindi apemphe namwino kapena mphunzitsi amene anali naye mu wodi. Wa ku koleji ya zansomba ku Mpwepwe kapena wa zapamadzi ku Monkey Bay apemphe amene anakwera naye boti. Ndipo inu a chaka choyamba ndi chachiwiri, yambani lero kudziwika ndi ntchito: funsani mafunso m'kalasi, dziperekeni pakafunika wothandiza ku labu kapena ku munda, ndipo ganyu ya pa holide muigwire ngati kuti wina adzafunsidwa za inu, chifukwa adzafunsidwadi.

Tibwerere kwa amalume, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli ntchito yovuta, ndipo simukufuna kuti iwo kapena anzawo aja amve ngati mwawanyoza. Musakawauze kuti kalata ya bwanayo ndi yopanda ntchito. Auzeni kuti bungwelo likufuna makalata a anthu amene anakuyang'anirani pa maphunziro ndi pa ntchito, ndipo mabungwe ena amaimba foni kufunsa mwatsatanetsatane, zimene zili zoona. Aonetseni kalata ya ku koleji yosayinidwa ndi pulofesa kuti mtima wawo ukhale pansi. Kenako pemphani kuti akuperekezeni kwa bwanayo mukathokoze, ndipo kumeneko mukapemphe thandizo limene iwo angathedi kupereka. Atachimenti zambiri salipira, kapena amangopereka kangachepe ka thiransipoti, ndipo miyezi itatu kumbali ya Malombe mudzafunika pogona potetezeka ndi njira yofikira kumadoko m'mamawa. Munthu wodziwika pa boma amadziwa mphunzitsi wamkulu, namwino kapena banja lodalirika kwa Chimwala kapena kwa Chowe limene lingakusungeni. Mukawafunse zimenezo, ndipo mukawafunse tsopano, mapepala asanayankhidwe, kuti akakuitanani musadzayambe kusakasaka nyumba sabata yoyambira ntchito.